Chigaza cha Mbuzi m'Kalasi ya Lloyd Kalinde

Ndamudziwa Lloyd Kalinde kwa zaka makumi atatu, kuyambira ali kumsana kwa mayi ake kuno ku Milepa. Si wabodza, si waulesi. Zimene zamugwera chaka chino ndizinena monga zilili.

Lloyd anaphunzira Chingelezi mwa mantha. Pa pulayimale yomwe ankapita panali chigaza cha mbuzi chomangirira chingwe. Mwana akamveka akuyankhula Chinyanja kapena Chilomwe ankachivala pakhosi mpaka atagwira mnzake wina n'kumupatsira. Wofika nacho nthawi yoweruka ankakumba dzenje. Lloyd anakumba maenje ambiri, kenako anatseka pakamwa, natsegula mabuku, mpaka anakafika ku yunivesite. Mumtima mwake ankati chigaza chija ndicho chinamupanga munthu.

Atamaliza maphunziro analembedwa ntchito pa yunivesite ina ku Blantyre, kuphunzitsa Chingelezi ophunzira a chaka choyamba. Anamuuziratu kuti chaka chino n'chomuyesa, akaoneka kuti sakukwanitsa amuchotsa. Mu ofesi ankakhala ndi a Denis, omwe anaphunzira ku Mangalande ndipo ankayankhula ngati wailesi. Ophunzira akalowa, moni ankayambira kwa a Denis. M'kalasi ya Lloyd ankanong'onezana m'Chinyanja, ndipo iye akatembenukira ku bolodi ena ankatsanzira kayankhulidwe kake. Ankamva zonse. Ankadzifunsa ngati alidi mphunzitsi wa Chingelezi kapena mwana wa ku Milepa amene wangobwereka jekete.

Loweruka lina anabwera kumudzi. Kwa achemwali ake a Nester anali atapha mbuzi, ndipo iye anapempha mutu, nauphika, naupala mpaka fupa kuyera mbee.

"Achimwene, nyama mwasiya, mukutenga fupa?" anafunsa a Nester. "Kutauni kwavuta chonchi?"

"N'chophunzitsira, achemwali. Ine Chingelezi ndinachidziwira pa chomwechi."

"Inu munali wa kabudula wong'ambika kumbuyo. Awo ndi anthu a ndevu zawo, ena ndi akazi a eni. Munthu wamkulu savekedwa fupa pakhosi."

Lloyd anakulunga chigazacho m'nyuzipepala n'kukwera kabaza.

Lolemba anachiika patebulo m'kalasi nafotokoza lamulo lake. Palibe anaseka. Kalasi inangoti zii, monga ankafunira kuyambira kale, ndipo iye anayesa ulemu wafika. Phunziro lili mkati, mtsikana wina, Rabia wa ku Namitambo, anapempha mnzake cholembera m'Chinyanja. Lloyd anamuyitana kutsogolo. Rabia anali woyembekezera, mimba ikuoneka. Anangoima osatambasula manja, ndiye Lloyd anamuveka yekha chingwecho. Kumbuyo wina anajambula ndi foni.

Sabata isanathe Rabia anapita padera.

Madokotala ananena zawo za kuthamanga kwa magazi, koma chithunzi chinali chitafika kale m'mafoni a Chiradzulu yense: mphunzitsi watsopano akuveka mayi wapakati mutu wa nyama. Anthu anati ntchitoyo anaipeza ndi mankhwala, ndipo mwana wotayikayo ndiye chizimba chake. A Denis anasamutsira mpando wawo mu ofesi ina. Akuluakulu a yunivesite anauza Lloyd kuti ayambe wakhala kunyumba pomwe akufufuza. Atabwerera kuno kwa achemwali ake, a kabaza anayamba kumudutsa ngati sakumuona, ndipo a Nester akafika pamjigo amayi anzawo ankasenza ndowa n'kumwazikana.

Kenako kunabwera a Twaha, atsibweni ake a Rabia, ndi amuna ena awiri. Mpando anakana, madzi anakananso.

"Aphunzitsi, sitinabwere ndi ndewu," anatero a Twaha. "Mwana wathu Rabia sakugona, akuti akumvabe chingwe pakhosi. Munamuveka ndinu. Mubwere mudzamuvule pamaso pa abale."

"Bambo, linali fupa chabe. Palibe chovula."

"Ngati ndi fupa chabe mukuopa chiyani? Anyamata akwathu ife tawagwira mpaka lero. Koma manja akutopa."

Lloyd anaona pamene waima. Akapita kukachita zovulazo, ndiye kuti wavomera kuti anaikapo kanthu, ndipo ku yunivesite sadzapondakonso. Akakana, Rabia sagona, ndipo anyamata aja njira ya ku Milepa akuidziwa. Anayang'ana achemwali ake, iwo anayang'ana pansi.

"Ndibwera," anatero. "Ndidzagwada pamaso pake, ndidzanena ndi pakamwa panga kuti ndinamulakwira. Mwezi uno usanathe."

A Twaha ananyamuka osatsanzika.

Mwezi uja watsala pang'ono kutha. Lloyd amadzuka m'mamawa, kusita malaya, kuvala nsapato, n'kukhala pakhonde kuyang'ana njira ya ku Namitambo mpaka dzuwa kutentha. Ananena yekha kuti apita, ine ndili pomwepo. Sanapitebe.