Nelito ndi Nkhokwe ya Apongozi Ake

Nelito ndi mwana wa Zacarias ndi Serafina, ndipo Serafinayo ndinabala ndine. Nayenso Nelito ali ndi wake, Ivânia, kamtsikana kongoyamba kuyenda.

Nelitoyo anakulira m'manja mwa ine vovo wake kuno ku Chipera. Atalekeza shikola anapita ku Tete kukagwira ntchito mu loja yokonza matelefoni. Pobwerako ananyamula painelo ya dzuwa, televizau ndi konsola, kabokosi kosewerera mpira pa televizaupo. Anakwatira Elsa, mwana wa a Quitéria, nakakhala chikamwini ku Malowera. Baraka ya masewero anaimanga kumapeto kwa bwalo la apongozi akewo.

Chomuvuta chinali rede, netiweki ija. Konsola imayamwa rede ku telefoni, koma pansi pa malata telefoniyo inkagwira kandodo kamodzi. Anyamata akamapikisana ndi anzawo a ku Tete, wosewera wa pa televizau ankauma mwendo uli m'mwamba, podzatsitsimuka golo yalowa kale.

"Iwe Nelito, rede yakoyi ikubwera pa ngolo ya abulu?" ankamuseka motero, ena n'kuleka kubwera.

Mdzukulu wanga si wogona. Anachotsa matelefoni a anthu obera rede, naletsa konsola kukoka masewero atsopano anthu akusewera. Zinangopepukako. Kenaka anazungulira bwalo lonse telefoni ili m'mwamba, mpaka tindodo titatu tinabwera pa nkhokwe ya a Quitéria, imene ili pokwera. Anatenga makwerero, nasuntha denga pang'ono kuti azike nsungwi, namangirira telefoni pansonga. M'baraka mpira unathamanga, anyamata anakuwa.

Apo n'kuti a Quitéria akuchokera kumunda.

"Mayo ine! Mkamwini m'nkhokwe! Mwapezamo chochuluka bwanji, bambo a Ivânia? Mukufuna mudziwe mwezi umene tidzayambe kupemphetsa?"

"Amayi, ndikungomangirira telefoni."

"Telefoni imadya chimanga? Tsikani, wakuba inu!"

Mwambo ndikuudziwa, asandiphunzitse munthu. Mkamwini sasuzumira m'nkhokwe ya apongozi. Koma maso a Nelito anali kumwamba, osati m'chimanga. Nanga pamene mayi ameneyu ankadzazitsa bateriya ya telefoni yake ulere pa painelo ya mdzukulu wanga, mwambo unali utapita kuti? Ife kwathu sitinabepo ngakhale chitsononkho. Chimanga chawocho, chofumbwa ndi anankafumbwe, ndi chimene Nelito angachisirire?

Tsiku lomwelo katundu wake anamutulutsira panja. Elsa anatsala pakhomo, mwana kumbuyo. Nelito anafika kuno akukankha njinga, televizau atayimanga ndi luzi.

Ankhoswe atakhala pansi anagamula kuti apereke tambala, agwade, apepese, ndipo abwerere kwa mkazi ndi mwana wake. M'mawa mwake ndinamupeza atagwira tambala wanga wofiira, akumumanga miyendo. Ndinamulanda.

"Vovo, mwana adzandiiwala nkhope."

"Ayambe iwo kubweza mawu. Anakutcha wakuba anthu akumva, akabweze anthu akumva. Ukagwada iweyo ndiye kuti tonse tavomera."

Serafina akuti ndaumitsa mutu, mnyamata akuwonda. Awonde, ndimudyetsa ndine. Konsola ili m'saka pansi pa kama, poti kuno rede kulibiretu.

Dzulo wamalonda wina wochokera ku Malowera wati Ivânia wayamba kuyankhula. Nelito anatuluka osamaliza kudya. A Quitéria akudikira tambala, ine ndikudikira mawu awo, ndipo tambalayo sachoka pakhomo pano.