Malata a Ndege Pamafuwa

Ndinadzuka kusanache m'chipinda chochezera cha nyumba yathu ku Chelstone, pakati pa amayi amene anachezera nane maliro usiku wachitatu. Panja mphepo ya Ogasiti inkakupiza tenti ya amuna, ndipo ophika ankadandaula kuti moto sukugwira.

Malemu mwamuna wanga anali injiniya wa ndege. Zaka zake zomaliza anazithera pa funso limodzi: malata a aluminiyamu ophimba thupi la ndege akawotchereredwa ndi leza, kuwala kotentha kwambiri, m'malo mokhomedwa ndi misomali, mng'alu umakula mofulumira bwanji pamsoko? Ankawakoka ndi kuwamasula pamakina kambirimbiri, monga zimachitikira ndege ikamanyamuka ndi kutera, mpaka atang'ambika. Kukoka kulikonse kumasiya kamzere m'kati mwa mng'alu, kooneka ndi maikulosikopu yokha. Yankho lake linali m'timizere timeneti. Malata asanu anali asanawerengedwe, ali okulungidwa ndi mapepala m'galaja. Ali m'chipatala ndinamulonjeza kuti ndidzawapereka kwa wophunzira wake osakhudzidwa ngakhale ndi chala.

Kutayera ndinasuzumira pazenera. Azimbuya athu, Abemba amene mwamwambo amayendetsa maliro a ife Angoni akum'mawa, anali atatsegula galaja. Malata onse asanu anali ataimikidwa kuzungulira mafuwa, kutchinga mphepo. Moto unali utagwira bwino.

Ndinayesa kuimirira. Azakhali a malemu anandikoka chitenje. "Nkalani pansi, apongozi. Ofedwa sayendayenda."

Ndinanong'oneza mlamu wanga, mng'ono wa malemu. Anapita kukapempha mwaulemu. Mayi wina wamtali, mtsogoleri wa ophika, anamuthira ufa kumutu. "Imwe ba Ngoni, lelo tiphikila pa ndeke! Yendani mukalile uko!" Anthu anaseka, pakuti kuseketsa olira ndiyo ntchito ya chimbuya, ndipo pamaliro palibe amene amakalipira azimbuya. Mlamu anabwerera ali mbuu, osandiyang'ana.

Ndimaphunzitsa sayansi, choncho ndinkadziwa chimene kutentha kumachita ku aluminiyamu. Ndinadzitonthoza kuti mwina mwaye wangophimba timizere, sunatifafanize.

Anthu anachuluka dzuwa litakwera: akutchalitchi mu yunifolomu zawo, anzake a kuntchito atavala masuti akuda, achibale ochokera ku Kabwata ndi ku Chunga pa malole. Titatuluka m'tchalitchi, mdipiti wa magalimoto unayenda pang'onopang'ono, nyali zili zoyaka masana. Kumanda fumbi linkalowa m'kamwa mwa oimba. Wophunzira uja anabwera kudzandigwira dzanja.  Amayi awiri anandigwirizira mbali zonse ziwiri poponya dothi. Poika nkhata ndinazindikira kuti ndikuganiza za mafuwa, ndipo ndinachita manyazi.

Tinasamba m'manja pachipata, anthu anadya, nayamba kubalalika. Dzuwa likulowa mayi wamtali uja analowa m'nyumba, nagwada patsogolo panga, malata ali m'manja. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Mutikhululukile, mayo. Tamvela ati ni nchito ya malemu. Tasuka bwinobwino na mchenga, palibe na kadoti."

Malatawo ankanyezimira. Ndinaomba m'manja, ndinamuthokoza, iye natuluka wokhutira.

Nyumba inakhala zii. Mipando inali isanabwezedwe. Ndinayendetsa chala m'mphepete mwa mng'alu, pamene mwamuna wanga sankalola aliyense kukhudza. Panali posalala ngati supuni. Ndinatenga mapepala ake aja, ndi kukulunga malatawo limodzilimodzi, monga ankachitira iye.