Tsiku limene apongozi anadya pamaso panga

Anabwera Lachiwiri masana, mwezi wa Okutobala, dzuwa la kuchigwa kuno likuliza malata. Anali apolisi awiri, ovala wamba. Wamtaliyo anagogoda pathebulo langa ndi kiyi wa galimoto, nati, "Achimwene, tsekani. Tikacheze pang'ono kuofesi." Ndinafunsa ngati pali choti nditenge. Anati nditenge kompyuta.

Ntchito yanga inali kutchaja mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemore khadi, pamsika wina wa m'mbali mwa msewu wochoka ku Chikwawa kupita ku Bangula. Makutu anga anali atakhuta nyimbo za kwaya ndi zachikondi. Ndiye tsiku lina mlamu wanga, mlongo wake wa mkazi wanga, anandisiyira khadi. "Alamu, mumvere muli nokha," anatero.

Poyamba ndinayesa sipika yaphulika. Munali ulimba womenyedwa ngati wina akukhoma misomali, gitala ya chigubu yolumikizidwa ku wailesi yakutha, lata likugundidwa ndi chitsulo, kenaka munthu akukuwa m'Chisena ngati waona ng'ona. Gululo linalibe dzina. Eni ake ankati nyimbozo ndi panki, ndipo ankajambulira m'chigayo china chosiyidwa. Ndinaseka mpaka misozi. Nditamveranso, sindinaseke. Nyimbo ina inkafunsa bwana wina kumene chinapita chimanga cha anthu a m'misasa chaka cha madzi osefukira, ndipo inkafunsa mosapita m'mbali. Ine ndinagonako mumsasa chaka chimenecho, ndinaidya nyika, mizu ija ya m'madambo, chifukwa cha njala. Ndinamva ngati wina wanditsegula pakhosi. Wokuwayo ndinamuzindikira, anali mlamu wanga yemweyo. Ndinayamba kuikira makasitomala nyimboyo ngati basela, ndipo posakhalitsa akabaza ankaikuwa mumsewu.

Ofesi imene ananditengera sinditchula. Anandivula lamba, nsapato ndi malaya. Thalauza langa linali la pakaunjika, lalikulu m'chiuno, choncho ndinkaligwira ndi dzanja limodzi nthawi zonse. M'chitokosi tinalimo ambiri, mpweya unali wochita kulimbirana, ndipo chidebe chinali pakona.

Funso linali limodzi: woimbayo ndani? Ine ndinkati khadilo anaiwala wamalonda wina wodutsa. Wamtali uja ankati, "Makutu ako ndi ochenjera, koma pakamwa ndiye pogona. Tipadzutsa." Anapadzutsadi. Dzino limodzi ndinalisiya komweko. Zina za m'chipinda chija n'zosafunika kulemba. Ndinkatulukamo ndikuyenda pang'onopang'ono.

Kumeneko munthu amadya zochokera kwawo. Mkazi wanga anali m'chikuta, makolo anga anatisiya kale, ndiye ndinkangoyang'ana anzanga akutafuna. Lachisanu anandiitana kuti kwabwera mlendo wanga.

Kwathu mkamwini ndi apongozi aakazi amaopana. Chikwatirireni ndinali ndisanawayang'anepo kumaso. Tikakumana panjira iwo ankapatukira kuthengo, ine ndinkavula chipewa n'kuyang'ana kumbali. Moni tinkapatsana khoma lili pakati. Zodya wina akuona ndiye zosayerekeza n'komwe. Anzanga a m'tauni ankandiseka kuti ndi zachikale, koma ine ulemu umenewo ndinkaunyadira. Unkandiuza kuti pamudzipo ndine munthu.

Ndinatuluka chifuwa chili pamtunda, mlomo uli wotupa, dzanja lili pathalauza. Pakauntala panaima apongozi anga, atanyamula kontena yomanga m'kansalu. Tonse tinatembenuka nthawi imodzi, iwo kuyang'ana kukhomo, ine kukhoma. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Wamtali uja anaona, ndipo anaseka. "Kodi ndi apongozi? Ndiye zakoma bwanji." Anatulutsa foni n'kuika nyimbo ija. "Iwe, si unkaikonda? Vina, amayi aone mkamwini wawo." Ndinakhala chiimire. Anagwira ndodo imene inali pathebulo, osaikweza, kungoigwira. Ndinavina. Nyimbo ija ilibe kavinidwe, munthu umangodumpha, ndipo ndinadumpha ndi dzanja limodzi m'chiuno, mwamuna wamkulu, bambo wa khanda. Apolisi ena anabwera kudzaonerera.

Wamtali uja sankayang'ana ine. Ankayang'ana nkhope ya apongozi. "Mayi, mawu awa mukuwadziwa?"

Mawu a mwana wawo anadzaza chipinda chonse.

"Nkhabe, bwana, sindikuwadziwa," anayankha. "Ine ndimamva za kutchalitchi. Kodi amenewa ndi anthu, kapena chigayo chawonongeka?"

Anazimitsa foni mokhumudwa. "Chabwino. Lamulo la pano, wobweretsa chakudya amalawa, mwini wake akuona."

"Bwana, ndilawire kuseriko, inu mukuona. Awa ndi akamwini anga."

"Pano palibe mkamwini, mayi, pali wandende. Mukakana, bwererani nacho."

Ndinayankhula ndikuyang'ana khoma, monga mwa mwambo. "Auzeni amayi apite nacho. Ine ndilibe njala." Mimba yanga inalira pomwepo, aliyense anamva, ndipo anaseka kachiwiri.

Ndinamva kansalu kakumasulidwa. Kenaka mawu awo, osadutsa mwa munthu wina aliyense: "Bambo, tembenukani." Ndinatembenuka. Aka kanali koyamba kuona kuti apongozi anga ali ndi chipsera pamwamba pa diso. Ananyema mbatata, anatsina mlamba wouma, naika m'kamwa akundiyang'ana. Anatafuna, anameza, nandikankhira kontena.

"Idyani. Kunyumba onse ali bwino." Anabwereza motsindika: "Onse."

Ndinadya iwo akuona, misozi ikugwera m'mbatata. Ndikanakonda kunena kuti ndinadya mwaulemu, koma ndinadya ngati galu. Zibakera za m'chipinda chija sizinandipweteke ngati mbatata imeneyo.

Ananditulutsa sabata yotsatira, osapita nane kukhoti. Kompyuta sanandibwezere. Pondipatsa lamba wamtali uja anati, "Pita ukaike za kwaya." Mlamu wanga anali atawoloka Shire kalekale, ndipo dzina lake silinatuluke pakamwa pa aliyense.

Kumudzi anandilandira ndi nthungululu. Apongozi anatuluka m'nyumba, osapatuka, nandigwira dzanja ndi manja awo awiri. "Takhuta, bambo," anatero, kundithokoza m'Chisena. Kuyambira pamenepo amadya nafe pamkeka umodzi, amanditchula mwana wawo, amandiseka za dzino. Mkazi wanga amati ndizisangalala, amuna ena amasirira. Mwina akunena zoona. Koma iwo akangokweza chakudya kukamwa, dzanja langa limathamangira lokha m'chiuno, ngakhale lamba ndavala. Ndinkayesa ufulu ndi kutuluka pakhomo lija. Sindinkadziwa kuti munthu angakubwezere lamba ndi nsapato, n'kutsala ndi chinthu choti ngakhale iyeyo alibe nacho ntchito.

Khanda litayamba kukwawa, ndinatuma mkazi wanga kuti akafunse amayi ake ngati tingabwerere ku ulemu wakale, iwo kwawo, ine kwanga, khoma pakati. Anabwerako msanga.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti, munthu amene anavina ndi njala kuti mwana wanga akhale moyo, ndimuthawe bwanji panjira?"

Mpaka lero ndimadya nawo, maso ali m'mbale.