Bulauzi Yoyera ya Mayi Belita

Mayi Belita anachoka ku Phalombe mu 1998 kudzagwira ntchito pa esiteti ya labala kufupi ndi Chintheche, yocheka makungwa a mitengo kuti utomoni udonthere m'makapu. Mowa sanaulawepo chibadwire. Chimene ankanyadira pa moyo wawo chinali bulauzi yoyera ya gulu la amayi a mpingo, imene ankaisita Lachinayi lililonse.

Matenda anawalowa mwakachetechete. M'mawa anali munthu wamphamvu, womaliza mzere wake wa mitengo anzawo asanafike ndi pakati pomwe. Dzuwa likangopendeka zikope zinkagwa, lilime n'kulemera, miyendo n'kumadzandira. Tsoka lake, amayi a mpingo ankakumana masana.

Lachinayi lina pemphero linawakanika pakamwa. Mayi Edith, mtsogoleri wa gululo, anawakokera pambali.

"Amama, mwamwa kachasu. Tonse taona. Bulauziyo muyambe mwaivula."

"Ndinunkhizeni, mayi," anatero Mayi Belita, koma mawuwo anatuluka opotoka, ndipo ena anaseka. Anthu opemphera akatsimikiza kanthu, mphuno zawo sizigwira ntchito.

Kuchipatala chaching'ono anapitako kasanu, nthawi zonse m'mamawa kuti apeze malo pamzere. Adokotala ankaona mayi wa maso owala, n'kumupatsa panado. Zaka zitatu zinatha choncho, bulauzi ikusitidwabe Lachinayi lililonse n'kubwezedwa m'sutikesi. Zinkawapweteka kuposa matendawo.

Tsiku lina akupita kuchipatala chachikulu minibasi inafera panjira, ndipo mwana wawo Christina anawafikitsa kumeneko cha m'ma 3 koloko masana, atawakoleka paphewa. Dokotala wamkazi anawakweza chikope ndi chala, chikope n'kugwanso. Atawajambula pachifuwa anawafotokozera kuti kuseri kwa fupa la pachifuwa kuli kachiwalo kotchedwa thaimasi, kumene asilikali a m'thupi amaphunzitsidwa kusiyanitsa mdani ndi mwini thupi. Kawo kanali ndi chotupa n'kusokonekera, ndipo asilikaliwo ankamenya njira imene mitsempha imalamulira minofu.

"Ndiye kuti akundimenya ndi anga omwe?" anafunsa Mayi Belita.

"Eya, mayi. Mankhwala alipo, koma chotupacho chakula."

"Yambani mwandilembera kalata. Mulembe kuti sindimwa."

Dokotala analemba, nadinda chidindo.

Mayi Edith analandira kalatayo Lamlungu. Anaiwerenga kawiri, nanena kuti nkhaniyo iyenera kudikira msonkhano wa akuluakulu kumapeto kwa mwezi. Mayi Belita anadikira masabata awiri okha. Mpweya unawathera Lachiwiri masana, Christina akuwamwetsa phala.

Kumaliro amayi anabwera onse, oyera mbee, ndipo anaimba bwino, chilungamo chake. Posambitsa thupi, Mayi Edith anafunsa motsitsa mawu ngati bulauzi ija ikadalipo, kuti aisite msanga.

Christina anatsegula sutikesi n'kuwapatsa.

"Musavutike," anatero. "Anasita okha Lachinayi lapitali."