Chiperoni cha pa Webusayiti

Chaka chimene maso a bambo anayamba kuchita ng'ala, ine ndinali kumudzi ku Khwethemule, ndikupanga webusayiti ya kagulu ka alimi a tiyi. Pa zithunzi zimene ndinajambula panali cha munda wa esiteti umene bambo anathyolamo tiyi kuyambira ali mnyamata. Miyendo inali itawakana, sakanatha kukafikakonso. Ndinafuna kuwaonetsa chithunzicho pa laputopu, koma anakana.

"Ayi, ndidzauonera pa intanetipo, mmene aziuonera anthu akunja."

Makani a bambo anga! Inenso ndinatengera komweko.

Tsoka lake zithunzizo zinali zolemera. Ndi netiweki yakwathu ija, tsamba linkangozungulira pafoni yawo osatseguka. Panafunika pulagini, kachidutswa kamene umalumikiza ku pulogalamu yomangira webusayiti kuti pomangapo izipeputsa zithunzi. Ndinapita ku Luchenza kumene netiweki imagwira, n'kukhala pakhonde la sitolo, akabaza akundiyang'ana ngati wosokonekera. Pulagini ndinaitsitsa, ndinailemba mufayilo ya makonzedwe, koma ndikati imange, mawu ofiira okhaokha osonyeza kuti zakanika. Aaa, ndinapsa mtima! Kani pulagini inali yatsopano, pulogalamu yanga yakale. Nditazigwirizanitsa zinatheka, ndipo nambala yolamula maonekedwe a zithunzi ndinaitsitsa kwambiri kuti zipepuke, tsamba lisavutenso.

Kunyumba tsamba linatsegukadi, koma chithunzi chinali mbuu. Mizere ya tiyi inasungunuka, mitengo ya bulugama ikuyandama, phiri osaoneka pothera. Ndinachita manyazi. Bambo anayandikitsa foni kumaso, n'kumwetulira.

"Wajambula tsiku la chiperoni eti?"

Ndisanayankhe, m'maganizo anali atalowa kale m'mundamo. Anandiuza za nkhungu yam'mawa, dengu lonyowa kumsana, anzawo akuyimba Chilomwe osaoneka, mawu okha akuyenda pamwamba pa tiyi. Akuti anayamba kuwamva mayi anga akuseka m'nkhungumo, nkhope yawo anadzaiona pambuyo. Ndinamvetsera mpaka ndinamva fungo la masamba onyowa.

"Koma uchikonze chithunzichi," anatero pomaliza. "Ndikufuna ndiuone mundawo dzuwa likuwala."

Ntchito inandiitana ku Blantyre, ndipo ndinabwerako mvula itatha. Nambala ija ndinali nditaikweza, nditamanganso, nditayesa pa mafoni a anzanga. Chithunzi chinali mbee, moti ukanawerenga nsonga za tiyi imodziimodzi. Ndinali wosangalala ngati mwana.

Ndinawapeza pakhonde akuothera dzuwa. Ndinatsegula tsamba n'kuwaikira foni m'manja. Anaiyandikitsa, anaitalikitsa, anapukuta galasi lake ndi malaya. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Iwe mwanawe," anatero mofatsa, "sunakonzebe? Chiperoni chikadalipo."

Mtima wanga unasweka. Ndinayang'ana munda wowala uja m'manja mwawo, kenako maso awo otuwa.

"Chikadalipo, bambo," ndinayankha. "Tandiuzaninso za mayi."