Chithunzi cha khoma la Sjoukje

"Musandiuze za makompyuta, a Diederik! Ndakufunsani kuti chilombo chija chadziwa bwanji pamene mkaziyu akukhala!"

Anali mawu anga amenewo, m'holo ya pansi pa mdadada wathu kuno ku Rotterdam, khofi akuzizira m'makapu. Ndine Bep, ndimagulitsa tchipisi pamsika, ndipo pakamwa panga palibe loko. A Diederik ndi wapampando wa bungwe la ife alendi. Koma nkhaniyi ndi ya Sjoukje Bouma.

Sjoukje anafika kuchokera ku Friesland, kumpoto kwa dziko lino, ndi chikwama chimodzi, kamtsikana kake Lieke, ndi dzino lakutsogolo lothyoka. Analithyola ndi mwamuna wake. Kunoko anapeza ntchito yokanda ufa kophikira buledi, ndipo buledi wotsala amagawira nkhalamba za pamdadada, osadikira zikomo. Ife kuno sititseka makatani, wodutsa aone zomwe tikudya, tilibe chobisa. Iye ake amakhala otseka. Pabelu la pakhomo sanalembepo dzina. Anthu ankati ngonyada. Ine ndinkawayankha kuti, "Nyadani inunso tione ngati mukongole!"

Dzinja lapitali makoma athu anachita chuku, bii ngati pansi pa chiwaya changa. Eni nyumba anangoti ziii. Ndiye a Diederik anakonza webusaiti yoti aliyense atumizepo chithunzi cha khoma lake, dziko lione, kampani ya eni nyumbayo ichite manyazi. Sjoukje anakana. Koma Lieke ankatsokomola osalekeza, ndipo a Diederik anamulonjeza pamaso panga: "Chanu sitionetsa, mayi. Chingopita kwa loya basi."

Anatumiza. Khoma lakuda, pambali pake zenera lotsekula pang'ono kuti kuwale, kunja kukuoneka nsanja ya tchalitchi chathu. Pampando panali juzi ya Lieke, dzina la sukulu lili pachifuwa.

Zoona, patsamba sichinaoneke. Koma zithunzi zonse, zoonetsa ndi zobisa zomwe, anaziunjika m'foda imodzi, fodayo n'kuisiya pululu kuti webusaiti izitengamo mosavuta. Ndipo poti a Diederik amakonda dongosolo kuposa mkazi wawo, chithunzi chilichonse anachitcha dzina la mwini wake. Makina ofufuzira zinthu pa intaneti aja sagogoda, amangolowa paliponse potsekula n'kutola. Tsono mwamuna wa Sjoukje, amene amasaka dzina la mkazi wake pafoni tsiku ndi tsiku, mukuganiza kuti anapeza chiyani?

Inayamba ndi galimoto yotuwa kutsidya kwa msewu, injini ikulira, munthu osatuluka. Kenako masana ena wina anaimba mabelu onse motsatizana, mawu aulemu: "Pepani, kodi kuno kumakhala mayi wina wakumpoto, wa kamtsikana?" Lolemba Lieke anabwera kusukulu atanyamula chokoleti. Akuti anamupatsa ndi bambo wina pampanda, amene anamuuza kuti wakula.

Apolisi akuti munthuyo sanalakwebe kanthu, tiwaimbire akayamba. Akayamba!

"Ndafufuta kale, mayi Bep," anatero a Diederik m'holo muja, akupukuta magalasi. "Panopa mulibe chilichonse."

"Mwafufuta galimoto ija? Suzumirani pazenerapo muione!"

"Tinkathandiza anthu ife. Aliyense amalakwitsa."

"Ine ndikapsereza tchipisi ndimataya mbatata, achimwene. Inu mwataya munthu!"

Wina kumbuyo anati ndichepetse mawu, tikambirane mwadongosolo, tisankhe kakomiti. Kakomiti ka chiyani? Madzi akatayika saoleka.

Sjoukje sanabwere kumsonkhanoko. Kuntchito wasiya, Lieke kusukulu sakupita. Akugona kwanga, pamatiresi pakhonde la m'kati, kutali ndi mazenera. Chikepe chikaima pansanjika yathu, mayiyu amasiya kutafuna mpaka mapazi adutse. Dzulo anandifunsa motsitsa mawu ngati ndili ndi mbale wanga kutali, kulikonse, kumene buledi amafuna womuphika. Mzimayi amene anali atayamba kuseka osaphimba pakamwa!

Galimoto ija lero yasendera. Yaima pakhomo penipeni.

Ndiye a Diederik, inu ndi onse amene munaomba m'manja tsiku lotsegulira webusaiti lija, musandibisalire kuseri kwa mawu akuluakulu. Munalonjeza ndi pakamwa panu, ine ndikumva. Kwerani masitepewa, mugogode kwanga, mumuyang'ane Sjoukje m'maso, mumuuze kumene apite ndi mwanayu, ndipo wompititsa kumeneko ali wamoyo ndi ndani. Yankhani!