Bondo la Tadala pa nsanja

Tadala mng'ono wanga, lero kuntchito agogo ena amene ndimawasamalira anatsegula TV, ndipo ndinaona atsikana anayi akutsetsereka pa chipale chofewa, aliyense pa thabwa lake, akulimbirana njira ngati mmene unkachitira iwe. Ndinangoti chilili, mankhwala ali m'manja.

Ndakumbuka tsiku lija unapambana mpikisano wa sinobodi, masewera a thabwa omwewa, kumapiri a kumpoto. Tinanyamuka m'mamawa kwathu ku Gorbals, kuno kudziko la azungu, amayi atavala majekete awiri ndi chitenje pamwamba. Anzako onse unawasiya pa khona yomaliza, koma pofika pa nsanja unalandira mendulo ndi manja awiri, bondo lili pansi. Azungu anathamanga ndi machira poganiza kuti wathyoka mwendo! Amayi nthungululu, kenako n'kunditembenukira: "Wamuona mwana waulemu? Iwe digiri yako unalandira ndi dzanja limodzi ngati ukugula tomato." Ndinaseka nawo, koma nsanje inandiwotcha njira yonse. Chonsecho kugwadako ndinakuphunzitsa ndine, mwana iwe, nthawi imene unkayankha akuluakulu akutchalitchi m'Chingerezi manja ali m'thumba.

Matenda anakutenga, koma ukundipambanabe. Mendulo yako amayi amaipukuta Loweruka lililonse, digiri yanga ili m'sutikesi kunsi kwa bedi. Masiku ano akamandiitana amaphonya dzina, amati "Tadala", nkhope ili ngwee. Ine sindiwakonza. Ndimangoyankha kuti "Wee, amayi," chifukwa ndi nthawi yokhayo imene amandiyang'ana choncho.